Kodi Msewu Wathu Umasunga Pangano?

Amayi anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali za kuphika ndi za kulera ana, tikambe za msewu. Ena adzati nkhani ya misewu ndi ya abambo, ya mainjiniya ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, koma ine ndikuti ayi, pakuti palibe munthu amene amawerengera nthawi ya paulendo mosamala kuposa mayi amene wasiya mwana woyamwa m'manja mwa apongozi ake.

Funsani bambo wokhala ndi galimoto yakeyake kuti kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wautali bwanji. Adzakuyankhani msangamsanga kuti ndi makilomita pafupifupi 110, ola limodzi ndi theka basi. Funso lomwelo mukafunsa mayi wa kuno kwa Zulu amene amagulitsa tomato kapena mtedza, adzayamba wakhala chete, kenaka n'kunena kuti, "Zimatengera tsiku lake." Onse awiri akunena zoona, ndipo msewu wake ndi womwewo, uja akuluakulu amautcha M12. Koma yankho la mayiyu ndilo ndifuna tilisinkhesinkhe, chifukwa m'mawu atatu amenewo muli tulo tosagonedwa, katundu woonongeka, ndiponso nthawi zina maliro.

Sikuti misewu yathu siyezedwa ayi. Bungwe la Roads Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, ndilo limayang'anira misewu ikuluikulu ya dziko lino, ndipo ndalama zina zokonzera zimadzera ku Roads Fund Administration kuchokera pa kamsonkho kamene kali pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Kapena mudawaonapo anyamata ndi asungwana atakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, pepala ndi cholembera kumanja, akuchonga galimoto iliyonse yodutsa; amenewo amakhala akuwerenga kuchuluka kwa magalimoto patsiku. Malole amakwezedwa pa sikelo kuti aone ngati sadanyamule mopyola muyeso, poti lole yolemetsa ndiyo imaphwanya phula. Palinso muyeso wa kusalala kwa msewu, umene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idaukhazikitsa pambuyo pa kafukufuku wa ku Brazil wa mu 1982: galimoto yokhala ndi makina imayenda pamsewu n'kumalemba kuti yadumphadumpha motani pa kilomita iliyonse. Zonsezi n'zofunika, ndipo popanda izo ndondomeko yaikulu ya zamtengatenga ya dziko lino, ija ya zaka za 2017 mpaka 2037, ikadakhala maloto chabe. Koma taonani kuti miyeso yonseyi ikufunsa za phula ndi za galimoto. Za munthu wokwerayo, ngati adafika pa nthawi imene adapangana ndi anzake, sizikufunsidwa.

Akatswiri akafuna kunena za nthawi ya paulendo, chizolowezi chao chakale ndicho kutenga maulendo ambiri, kuwaphatikiza, kenaka kugawa, n'kupeza chija ana athu kusukulu amati avareji. Mayi aliyense amene adaphikirapo anthu pa chinkhoswe kapena pamaliro akudziwa kuti avareji ndi bwenzi lonyenga. Simupita kuchigayo ndi chimanga chokwanira anthu amene amabwera masiku onse. Mumagayitsa choti chikwanire ngakhale atabwera ambiri, kuopa manyazi. Chimodzimodzi ndi ulendo.

Tiyerekeze chonchi, ndipo manambalawa ndangowapeka kuti nkhani imveke. Mayi wina wa pa Kamwendo wayenda maulendo 20 opita ku Lilongwe pa minibasi, kuwerengera kuyambira pamene wafika pa siteji. Maulendo 14 adamtengera maola awiri uliwonse. Maulendo anayi adamtengera maola atatu. Ulendo umodzi udatenga maola anayi, ndipo wina umodzi, tsiku la tsoka, udatenga maola asanu ndi limodzi. Mukaphatikiza onsewa mupeza maola 50, ndipo mukagawa ndi 20 mupeza maola awiri ndi theka. Papepala ndiye kuti ulendo wa mayiyu ndi wa maola awiri ndi theka, chonsecho palibe ndi tsiku limodzi lomwe limene adayenda maola awiri ndi theka! Tsono tiyerekezenso msewu wina umene maulendo onse 20 amatengadi maola awiri ndi theka osapitirira. M'buku la akatswiri misewu iwiriyi njofanana. Koma mayi amene adauzidwa kuti akaonane ndi dokotala ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central pa 8 koloko m'mawa akudziwa kuti sifanana mpang'ono pomwe. Pa msewu wachiwiriwo akhoza kunyamuka pa hafu pasiti 5 mtima uli m'malo. Pa woyambawo, kuti akhale ndi chikhulupiriro choti safika mochedwa, ayenera kukhala ali pa siteji pa 4 koloko mbandakucha, nkhuku zisanatsike. Ndipo masiku 14 mwa 20 adzakafika molawirira ndi maola awiri athunthu, n'kumakaodzera pabenchi, ana kumudzi atapita kusukulu osamwa phala.

Kuwerengera kotereku, kumene ife amayi timachita m'mutu osadziwa kuti ndi masamu, maiko ena adakusandutsa muyeso weniweni. Ku America, nthambi ya boma yoyang'anira misewu ikuluikulu, Federal Highway Administration, imalangiza kuti maulendo aziikidwa pamzere kuyambira wofulumira kulekezera wochedwetsetsa, ndipo aziyang'ana ulendo wa nambala 19 mwa 20. Umenewo ndiwo umauza munthu nthawi yoti aike padera ngati afuna kuchedwa kamodzi kokha pamwezi popita kuntchito. Kusiyana kwa ulendo umenewo ndi avareji iwo amakutcha buffer time, ife tingati nthawi yodzitchinjirizira. M'chitsanzo chathu chija ndi ola limodzi ndi theka, kutanthauza kuti pa maola khumi alionse a ulendo mayi uja ayenera kuonjezapo ena asanu ndi limodzi ongoopera. Mu 2012 aphungu a dzikolo adakhazikitsa lamulo lotchedwa MAP-21, limene lidaika kudalirika kwa ulendo pakati pa zolinga za misewu yao, ndipo kuyambira ndi malamulo a mu 2017 chigawo chilichonse chimayenera kupereka lipoti losonyeza kuti ndi maulendo angati amene akuyendedwa pa misewu yodalirika. Kumeneko chimene chimawachedwetsa kwambiri ndi kuthithikana kwa magalimoto, ngozi, chipale chofewa ndi ntchito zokonza msewu. Kwathu kuno zifukwa zake nzina, koma kudandaula kwa mtima nkumodzi.

Nanga nthawi yathu imatayikira pati? Ine poona, yochepa ndiyo imatayikira paphula penipeni. Yambiri imathera pa siteji, galimoto isanagwedezeke n'komwe. Minibasi kapena Sienta siinyamuka pa ola lakutilakuti, imanyamuka ikadzaza. Woitanira adzakuuzani kuti, "Kwatsala munthu mmodzi, mayi, kwerani," inu n'kulowa, kulipira, kukweza dengu, kenaka n'kuona anyamata atatu amene mumayesa apaulendo anzanu akutsika mmodzimmodzi, poti adangokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza. Mukanyamuka pali kuima pa Waliranji, pa Namitete, pa Msundwe, kutsitsa ndi kukweza, mwinanso kubwerera m'mbuyo kukatenga munthu amene wakweza dzanja ali kutali. Pali marodibuloko, amene tsiku lina mumadutsa mwa kamphindi, tsiku lina katundu yense n'kutsitsidwa. Pali kukusinthani galimoto pakati panjira chifukwa dalaivala waona kuti anthu achepa. Mukadutsa pa Chitedze ndi pa Njewa mumakumana ndi mzere wa magalimoto olowa mumzinda, umene nthawi ya m'mawa umayenda ngati nkhono. Ndipo pali zaka zina zimene zonse zimasokonekera pamodzi: mu 2011 ndi 2012, ndiponso mobwerezabwereza kuyambira mu 2022, mafuta adasowa kotero kuti magalimoto ankagona pa mizere, mu 2019, nthawi ya zionetsero za pambuyo pa chisankho, panali masiku amene kudutsa pa Msundwe kunali kosatheka.

Mayi anga ondibereka ankapita ndi mtedza kutauni masiku a basi za UTM, zija pambuyo pake zidadzakhala za Stagecoach mu 1989, kenaka za Shire Bus Lines. Masiku amenewo magalimoto adali ochepa, ndipo wophonya basi ankadziwa kuti ulendo wake wafa tsiku limenelo. Sindikuti kale kudali kokoma kuposa lero, ayi. Lero mukaima pamsewu simutha nthawi yaitali osaona galimoto. Koma basi ija idali ndi ndandanda ya nthawi, ndipo mayi ankatha kutiuza anafe dzulo lake kuti madzi atereke nthawi yakuti, ndiwo zikhale zitapsa nthawi yakuti. Ndandanda ndi pangano, ndipo pangano likaphwanyidwa pamakhala pofunsira. Lero palibe amene adakulonjezani kanthu, motero palibenso amene mungamdandaulire.

Mtengo wa kusadziwaku amalipira ndani? Wonyamula matumba a chimanga kapena soya akachedwa maola awiri, katundu wake sasintha. Wonyamula tomato, masamba, kapena mkaka akachedwa maola awiri omwewo, amakafika ogula opikula atabalalika kale, dzuwa litakwera, tomato wa pansi pa dengu atasanduka madzi, ndipo amagulitsa pa mtengo wongoti apeze yobwererera. Malonda oola msangawa, monga mudziwa, ambiri ali m'manja mwa ife amayi. Pobwerera ndiye pali nkhawa ina: kodi ndikatsika pamsewu kudakali kowala? Pakuti kuyenda wekha m'kanjira ka m'dambo usiku ndi ndalama za malonda m'chitenje si chinthu chimene mayi amachifuna, ndipo wa kabaza usiku amakweza mtengo. Pajatu palinso mabanja ena m'mene mayi akafika mochedwa amalandiridwa ndi funso loti, "Munali kuti mpaka pano?" ngati kuti iye ndiye amayendetsa minibasi. Abambo amene mukuwerenga tsamba lino mobisa, tamvani zimenezo.

Komabe zonse ndanenazi ndi za pamsewu wa phula. Ambiri a ife kuno kwa Zulu sitikhala m'mphepete mwa M12. Ulendo wathu umayambira pakhomo, n'kutsata msewu wafumbi umene mu Julayi njinga imauluka, koma mu Januwale ndi Febuluwale umasanduka phala. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo sitidandaula za mvula, poti ndiyo imatipatsa mtedza ndi fodya. Chodandaulitsa n'chakuti kamlatho kamodzi kamitengo kakakokoloka, makilomita asanu amasanduka makilomita khumi ndi asanu ozungulira, ndipo palibe buku limene zimenezi zimalembedwamo. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse mu 2006 idayambitsa muyeso wofunsa kuti ndi anthu angati akumudzi amene amakhala pasanathe makilomita awiri kuchokera pa msewu woyendeka chaka chonse, ndipo muyesowu udalowa m'zolinga za chitukuko za bungwe la United Nations. Ndi muyeso wanzeru, pakuti ukuvomereza kuti msewu wa chilimwe chokha ndi theka la msewu. Koma nawonso umatha kuona mzere pamapu n'kuuyesa msewu, osadziwa kuti pamtsinje pakutipakuti madzi akadzaza anthu amakhala tsidya lino masiku awiri.

Apa ndipo nkhani imafika pa moyo weniweni. Mu 1994 amayi awiri ochita kafukufuku ku America, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adalongosola kuti mayi woyembekezera akamwalira pa zovuta za uchembere, kawirikawiri pamakhala kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa kwachiwiriko ndiko nkhani yathu ya lero, ndipo kumalowereranso m'koyambako, chifukwa banja limene silikudziwa ngati galimoto ipezeka usiku limayamba ladikira kuti mwina kucha. Kuno ku Mchinji ambiri tikukumbukira magulu a amayi a MaiMwana, amene ankakhala pansi kukambirana okha zimene zimapha amayi ndi makanda, ndipo zotsatira za ntchito yao zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Mwa njira zimene maguluwo adasankha padali njinga za ambulasi. Palibe injiniya adawauza. Adaona okha kuti vuto lagona pa ulendo.

Tsono taganizirani za chidikiro. Chichokereni mu 2007 pamene boma lidaletsa azamba akumudzi kubereketsa, ndipo makamaka kuyambira mu 2012 pamene nyumba zodikirira zidayamba kumangidwa zambiri, mayi woyembekezera wakutali amalangizidwa kupita kuchipatala masiku ake asanakwane. Ndi langizo labwino, ndipo ndikupempha aliyense alitsate, pakuti lapulumutsa ambiri. Koma tiyeni tilitche dzina lake. Mayi amene amasiya ana, munda ndi ziweto, natenga ufa, nkhuni, ndi mlamu kapena mayi ake omudikirira, n'kukakhala sabata ziwiri kapena zitatu pa chipatala chimene chili makilomita ochepa kuchokera kwao, akulipira nthawi yodzitchinjirizira ija. Wa ku America amaiwerengera m'mphindi. Wathu amaiwerengera m'masabata. Wokonza ndondomeko ya misewu akamawerengera phindu la kamlatho ka simenti pa mtsinje wa kumudzi, masabata amenewa ayenera kulowa m'masamu ake.

Kuti kuyeza nthawi kumasintha zinthu, umboni uli pafupi. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, kale munthu ndi katundu wake ankaima kawiri, kudinditsa mbali ya Malawi, kenaka kukayambiranso mbali ya Zambia. Eni malole ndi amalonda akuluakulu adadandaula, nthawi yotayika pa zipata idawerengedwa, ndalama zidapezeka ku African Development Bank, ndipo mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, pamodzi ndi a Hakainde Hichilema a ku Zambia, adatsegula chipata choima kamodzi. Ife amene timaoloka kukaona abale ku Chipata, kapena kupita ku Ncwala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, tapindula nao. Koma tisadzinamize: chidamangitsa chipatacho ndi maola a lole yonyamula feteleza ndi simenti, chifukwa maola amenewo ali ndi owawerengera. Maola a mayi wa dengu alibe mlembi.

Mwina wina adzati masiku ano makina akuwerenga okha. Nzoona ndithu. Mukatsegula Google Maps pa foni, imakuuzani kuti ulendo utenga mphindi zingati, ndipo imadziwa zimenezo poona liwiro la mafoni ena amene akuyenda pamsewupo. Ndi njira yomweyo imene maiko olemera amapezera manambala ao. Koma foni imene imawerengedwa ndi yamakono, yokhala ndi intaneti yotsegula, ndipo kawirikawiri ili m'thumba la munthu wa galimoto yakeyake. Kafoni kathu kamabatani sikalankhula ndi makina amenewo. Ola limene mwakhala pa siteji kudikira kuti minibasi idzaze, makinawo amaliona ngati munthu wangokhala pamsika. Motero tikadalira makina okha, dziko lidzayeza bwino lomwe ulendo wa bambo uja wa ola limodzi ndi theka, n'kunena kuti msewu wa Mchinji ulibe vuto.

Pempho langa kwa a ndondomeko za misewu n'lakuti ulendo uziyezedwa kuchokera pakhomo kufika pakhomo, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndipo azitiuza za tsiku loipa, osati avareji yokha. Ine nditafunsidwa kusankha pakati pa basi ya maola atatu yonyamuka pa nthawi yodziwika ndi minibasi ya maola awiri "zikayenda bwino", ndikhoza kusankha basiyo osaganiza kawiri, ndipo ndikhulupirira sindili ndekha.

Koma pamene tikudikira akuluakulu, ife tili ndi chida kale. Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli gulu la banki m'khonde, ndipo mlembi wake amasunga kope mwaukhondo kuposa maofesi ena. Gulani kakope kena ka masamba ochepa. Aliyense wa m'gulu akayenda ulendo wa kumsika, kuchipatala kapena ku Boma, alembetse zinthu izi: tsiku, nthawi imene adachoka pakhomo, nthawi imene adafika pamsewu, nthawi imene galimoto idanyamuka, nthawi imene adafika, ndi chimene chidamchedwetsa. Nthawiyo foni iliyonse imasonyeza. Ulendo umodzimodzi ukakwana maulendo 20, ikani pamzere kuyambira waufupi, muone wa nambala 19. Chitani zimenezi kawiri, mu Juni ndi mu Febuluwale. Kenaka kopelo lipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, likwere ku komiti ya dera, kumene a mfumu ndi khansala amakhalako, mpaka likafike ku khonsolo ya boma pamene akusankha misewu ndi milatho yoti ikonzedwe chaka chimenecho. Kunena kuti "msewu wathu ndi woipa" aliyense amanena, ndipo a khonsolo adazolowera kumva. Kunena kuti "mu Juni timafika kuchipatala m'mphindi 40, mu Febuluwale maola atatu, ndipo chifukwa chake ndi mlatho wakutiwakuti" n'kovuta kukutaya pansi pa tebulo.

Chinthu chimodzi mlembi asaiwale. Tsiku limene munthu adakonzeka, nasamba, namanga katundu, koma n'kubwerera pamtsinje chifukwa madzi adadzaza, kapena n'kukhala pa siteji mpaka masana galimoto osaoneka, nalonso lilembedwe. Pa malo a nthawi yofikira alembepo kuti "sadafike", ndipo poika maulendo pamzere, limenelo likhale kumapeto kwenikweni.